Mizere Yotsala M'mbali mwa Lupande

Chaka chomwe atate anagonekedwa m'chipatala kuboma, amayi anapita kukawadwazika, ndipo munda wathu wa m'mbali mwa mtsinje wa Lupande unatsala m'manja mwanga. Ndinali nditangomaliza sukulu ya m'mudzi. Pokwera njinga yowanyamula, atate anangoti, "Chimanga chiumire m'munda." Mawuwo ndinawagwira ngati lamulo. Chakudya china choyembekeza tinalibe.

Ife okhala m'malire mwa nkhalango ya nyama tinkatchinga minda ndi zingwe, n'kumangirirapo nsanza zonyika mu tsabola wosinja ndi oilo wakuda. Ndinkapaka mosamala mpaka manja kutentha. Komabe njovu zinalowa, zinadya ngodya ya kumtsinje n'kubwerera.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndinkathamangira pomwe zawononga. Ndinkagwada pa mapesi othyoka, kuyang'ana mapazi ake akuluakulu m'matope, n'kumadzitukwana chamumtima. Ndinasiya ngakhale kudya phala.

Alamu anga, akazi a achimwene, ndi amene anandipeza choncho. Achimwenewo anali skauti wolondera nyama za m'nkhalango, ndipo anali kuthengo pa ntchito.

"Mwadzuka bwanji, amuna anga aang'ono? Maliro ndi a ndani?"

"Ndalephera, alamu. Atate ndidzawauza chiyani?"

"Iwe! Njovu imathyola mtengo wa tsanya ngati udzu, ndiye iope nsanza zakozo? Wakula liti?" Anandigwira mapewa n'kunditembenuzira ku mizere yotsala. "Taona uko. Ukafika pamudzi umayamba walonjera amoyo, kumanda umapita pambuyo. Ndipo udye, sindifuna mwamuna woonda ngati bango."

Ndinachita manyazi, koma ndinamvera, poti kukana sindinkadziwa. Ndinayamba kulowera kumtunda kwa munda. Ndinkayenda m'mizere yoimirira, kukhudza chisononkho chilichonse, ndikutchula motsitsa zomwe ndapeza: maungu ayanga, chingwe cha kuno sichinaduke, dzulo ndinapaka bwino. Poyamba zinkamveka ngati bodza. Ndikafika pa zowonongeka ndinkadziuza momwe ndikanamuuzira mnzanga, kuti wachita zomwe munthu angathe.

Njovu sizinasiye. Ngodya yodyedwa inkakula. Pakati pa mapazi aakulu panaoneka tiwiri ta mwana, ndipo aliyense kwathu amadziwa kuti njovu yokhala ndi mwana siithamangitsidwa ndi phokoso la zitini. Tsiku lina ndinapeza ndowe ikadali yofunda, dzuwa litakwera kale. Anyani a kumtsinje anali chete. Kuseri kwa mitsanya kunamveka nthambi ikuthyoka pang'onopang'ono, ngati wothyolayo alibe changu. Maskauti anabwera, anawombera m'mwamba, n'kunena kuti gulu limeneli linazolowera.

M'kuyenda kwanga m'mizere yamoyo ndi momwe ndinazindikira chinthu. Makoko anali asanaume, koma nditasenda chimodzi n'kukanikiza ndi chikhadabo, njere inakana kuphwanyika. Ndinayesa china, chimodzimodzi. Ndinaima nthawi yaitali, mawu a atate akundilemera.

"Alamu, ndikufuna tikolole," ndinatero.

"Chachiwisi? Nanga atate ako?"

"Akakalipa, adzakalipa atakhuta."

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno, kenako anapita kukatenga madengu.

Tinakolola mothamanga, mmodzi akuthyola, wina maso ali kuthengo. Tinachiyanika pabwalo. Mvula yomaliza inatipeza, ndipo china chinachita nkhungu. Ndinachitaya osadzitukwana. Chotsalacho tinachiika m'nkhokwe, chokwanira kuti atate akabwera apeze chakudya, ngakhale nkhokweyo sinadzaze.

Patapita masiku ndinapita kukamasula zingwe. Munda wonse unali utapondedwa, mapesi ali pansi. Njovu zinafunafuna osapeza kanthu. Ndinatsata mapazi ake kuti ndione ngati zabwerera kumtsinje. Sizinabwerere. Zinatulukira kumtunda, n'kulowa m'kanjira kathu kopita kumudzi, komwe kunali nkhokwe ija.