Mpira umene tinauwongola

Zaka zitatu ndinasamalira kapinga pa kilabu ya azungu olima fodya ku Chipata kuno, masiku amenewo tikuti Foti Jemisoni, nkhondo ya ku Bama ili mkati. Loweruka lililonse azunguwo ankavala zoyera mbee n'kumagubuduza pa kapingapo mipira yakuda yamtengo, yolemera ngati mwala, kulimbirana kuti wa ndani ukaime pafupi ndi kampira koyera. Yanga inali yotchetcha, kuthirira ndi kukoka chigudumu chachitsulo. Mipirayo sindinkaloledwa kuikhudza. Ndinkaiona ikukhota ikamafika kumapeto, ine n'kumati ndi luso la m'dzanja. Ntchitoyo inali ndi kanyumba kake kuseri kwa kilabu, ndipo ine, mkazi wanga ndi ana anayi tinkakhala mmenemo.

Tsoka linabwera m'bokosi kuchokera ku Joni. Bwana woyang'anira bwalolo, mzungu wamfupi wa mphuno yosupuka ndi dzuwa, anaitanitsa mipira yatsopano. Tsiku louyesa anagwada, anaponya. Mpira unayenda bwinobwino, koma pofika pakati unangoti kho, kukhota ngati ng'ombe yaona khola lake, n'kukaima kutali ndi kampira koyera. Anaponyanso. Chimodzimodzi. Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Kodi mzungu angalakwe pamaso pa anzake? Anandiitana ndi chala. Akuti bwalo lapendekeka, ndine waulesi, ndipo Loweruka likudzalo mpira wake ukapanda kuyenda bwino ndinyamule mphasa zanga.

Abale, ndinalimbana nalo bwalo lija! Ndinakoka chigudumu mpaka m'manja matuza okhaokha. Ndinamanga zingwe uku ndi uku, ndinagona chafufumimba ngati buluzi kusuzumira ngati pali kachulu. Panalibe. Mkazi wanga ankangoti, "Bambo a mwana, inu ndi udzu, udzu ndi inu, kodi mudzaukwatira?" Lachinayi mtima unandikana. Ndinalowa m'chipinda chosungira mipira, ndinatenga uja wa bwana, n'kuuponya ndekha. Unakhota. Ndinakauponya pakhonde la simenti, posalala see. Unakhotanso! Apo ndinapsa mtima koopsa. Masiku onsewa ndikuzunza kapinga wosalakwa, chikhalirecho wodwala ndi mpira.

Ndinaukulunga m'thumba la fodya n'kupita nawo kwa mlamu wanga, kalipentala wa ku Kapata. Munthu ameneyo sanaonepo chinthu chopendekeka n'kuchisiya. Anautembenuza, anauyeza ndi kachingwe, n'kupukusa mutu.

"Alamu, abwana anuwa ku Joni anawabera. Taonani, mbali iyi ndi yotupa, iyi yophwa. Wosema ameneyu anali atamwa."

"Ndiye titani, alamu? Nyumba ikundithawa."

"Khalani pansi. Nthenda yaing'ono iyi."

Mtengo wake unali wolimba ngati chitsulo. Anaupala ndi tupa kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, thukuta kamukamu, akutukwana wosema wa ku Joni ndi makolo ake omwe. Anausalaza, anaudetsa ndi polishi wa nsapato. Titaugubuduza pa thabwa lalitali unayenda mowongoka ngati msewu wa ku Mwami ukanakhala ndi mwini wake. Tinagwirana chanza. Kunena zoona, ndinaubwezera m'chipinda muja n'kubwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Loweruka ndinavala malaya a ku Misa n'kuima m'mphepete mwa bwalo. Bwana anagwada, n'kuloza mpira wake kumbali, kutali ndi kampira koyera. Mumtima ndinati, bwana, lozani kutsogolo, wachiratu uwo! Anaponya. Mpira unapita kumene anauloza, osacheuka, kudutsa m'mizere ya anzake, kugunda mpira wa dona wina, mpaka mu ngalande, phu.

Bwana anapita ku ngalandeko. Anakautola, anauzunguza m'manja, chala chake n'kuda ndi polishi. Ine m'malo mokhala chete ndinasendera pafupi, chifuwa patsogolo.

"Tinaukonza, bwana. Unali wopendekeka."

Nkhope ija inafiira kuposa mphuno. Amene anandimasulira zonse anali khukhi wa pa kilabu, mdala wa Chisilamu, atandikokera kukhitchini. Akuti mipira yonseyo amaisema dala yopendekeka kuti izikhota, masewera ake ndi omwewo. Watsopanowo unkangokhota kwambiri kuposa wake wakale, ndipo bwana anali asanauzolowere. "Safunsa anadya phula, achimwene," anatero. Ine ndinati ndikanafunsa yani? Zaka zitatu palibe mzungu anandiuzapo kanthu kupatula kuti thirira apa, choka apo. Ndipo bwanayo ankadziwa bwino kuti bwalo silinalakwe. Chimenecho ndicho chimandiwawa mpaka lero.

Lolemba tinatuluka m'kanyumba kaja, katundu pamutu, ulendo wa kumudzi ku Kasenengwa. Pa Kapata tinapeza mlamu waima pakhomo, tupa m'manja. Anaona mitolo, anaona ana, anamva nkhani yonse mosadula mawu. Kenako anakanda m'mutu.

"Pepani ndithu, alamu. Koma ndamva kuti m'bokosimo ilimo inayi. Itatu inayo abwana abweretsa liti?"