Chitseko cha ababa chapulumuka pamoto

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangochoka kumene ku holo yakale ija ya pa Kabudula, imene akuikonza kuti achinyamata azichitiramo zisudzo ndi magule. Ndimadutsa pa njinga, kuyang'ana pakhomo, chitseko cha mlombwa chimene anakhoma malemu ababa palibe! Aikapo chachitsulo.

Nditafunsa amisiri, akuti matabwa onse akale apatsa anthu owotcha njerwa kuseri. Abale inu, njinga ndangoisiya pamsewu. Ndapeza uvuni wayaka kale, mafelemu a mawindo ali pamoto, koma chitseko chili pa mulu wa nkhuni.

Wowotchayo amvekere, "Chimenechi chatikanika, bambo. Nkhwangwa ikungodumpha."

Nditachitembenuza, timizere titatu tija ababa ankalemba ndi msomali wamoto pa chilichonse chimene apanga tikadalipo. Ndangokhala pansi pomwepo.

Akomiti yoyang'anira holoyo apepesa, akuti samadziwa. Akufuna achiike pa chipinda chosungiramo ng'oma.

Ndiye achimwene ndi inu achemwali, mukuti bwanji? Tichitengere kunyumba kapena chitsale komweko? Ine ndati chitsale. Chakana nkhwangwa, ana oimba ng'oma angachithe?