Madala ndi Mbale Zawo za ku Japan

Mabomba akamagwa, Solomiya amamva mapazi kuseri kwa khoma. Ndi madala oyandikana naye, akuthamangira mbale zawo zakale zadothi zomwera tiyi, za ku Japan. Mabulangete onse anakulungira mbalezo, eni ake amagona m'jasi. Amakonda kunena kuti, "Izi zaona nkhondo zambiri kuposa ine."

Lachiwiri kunabwera basi yomaliza yothawitsa anthu, aliyense chikwama chimodzi. Solomiya anagogoda, khanda lili m'manja.

"Agogo, tiyeni! Tengani imodzi yokha!"

"Imodzi? Iwe, ukanakhala ndi ana makumi anayi, ukanasankha uti?"

"Mufera dothi, agogo!"

"Thamanga, mwanawe. Mpando wanga upatse wina."

Madalawo anatseka chitseko. Ananena kuti ayamba kutsitsira mbalezo m'chipinda chapansi, imodziimodzi.