Matailosi a m'mphepete mwa khoma

Nyumba ya ku Area 25 ndinalowamo ndekha, chapakati pa zaka za m'ma 1990. Mkazi wanga ndi ana athu awiri anali kwawo ku Phalombe. Anachoka tikadali m'chipinda cha lendi ku Mgona, kumene mabanja asanu ndi limodzi tinkasamba m'bafa limodzi la maudzu, ndipo m'mawa munthu unkaima pamzere ndowa ili m'manja. Sitinakangane. Anangoti akathandize amayi ake kukolola. Kukolola kunatha, iye osabwera. Nditalemba kalata, anayankha ndi amalume ake, mwinimbumba. Anati mwana wawo adzabwerera kutauni iwo akadzaona ndi maso awo pamene azikakhala.

Ndinkagwira ntchito yosunga katundu pakampani ina yomanga nyumba ku Kanengo. Titamaliza kumanga hotela ina, panatsala makatoni anayi a matailosi apansi, ndipo akuluakulu anandilola kutenga. Anali otuwa, osalala, olemera, mtundu umene amisiri ankautcha poselini. Ndinawatuta panjinga, katoni imodzi patsiku. Ndinaganiza zowaika m'bafa, popeza nkhani yonse inayambira pabafa.

Pakati panayenda bwino. Ndikaweruka ndinkavula malaya, kukanda simenti pang'ono, n'kuyala mizere iwiri dzuwa lisanalowe. M'nyumbamo munalibe wondilankhula. Wailesi yanga, yoyendera mabatire okha, ndinkaiika pazenera, ndipo mabatire akatha ndinkangomva mpeni womangira ukukhula pansi. Chakudya ndinkadya choimirira, m'poto momwemo.

Vuto linali m'mphepete mwa khoma. Pamenepo pankafunika matailosi khumi ndi anayi oduladula, ndipo ine ndinatsala ndi khumi ndi asanu ndi awiri. Ndinazungulira masitolo a ku Old Town, a mtundu umenewo kunalibe. Ndinali nditaonapo amisiri akudula matailosi apakhoma. Amalemba mzere ndi chodulira galasi, kuika msomali pansi pa mzerewo, n'kukanikiza uku ndi uku, tailosi n'kuthyoka ngati bisiketi. Ndinachita chimodzimodzi. Chodulira galasi chinangotsetsereka osasiya chizindikiro. Nditapondapo mwamphamvu, tailosi inasweka zidutswa zitatu zokhota. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu ndinayesa sowo ya zitsulo. Mano a sowo anatha, ndipo tailosiyo inang'aluka pakona. Ndinatsala ndi khumi ndi anayi enieni.

Kuntchito mmisiri wina wachikulire anandiseka. Anati ife osunga katundu timadziwa kuwerenga zinthu koma sitidziwa makhalidwe ake. Poselini imafuna gilayinda, makina amagetsi okhala ndi chimbale chozungulira, ndipo podula umapita pang'onopang'ono ukuthirapo madzi. Anavomera kundibwereka yake Loweruka lokha, chifukwa Lamlungu m'mawa ankapita nayo ku Kasungu. Sabata yomweyo ndinalandira kalata yoti amalume afika Lamlungu masana.

Loweruka m'mawa, ndikuchokera kokatenga makinawo, ndinapeza nthambi zamasamba zitagonekedwa pamsewu wathu. Ndinatsika panjinga monga amachitira aliyense. Maliro anali papoloti yachitatu kuchokera kwanga. Azibambo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi akutchalitchi akuimba m'nyumba nyimbo za Chitumbuka. Womwalirayo sindinkamudziwa. Ndinali nditakhala pamalopo miyezi isanu ndi itatu, koma panalibe amene ndinkamudziwa kupitirira moni wapamsewu.

Sindinganame kuti mwambo sindinkaudziwa. Kwathu kukagwa maliro khasu limagona. Koma ndinadziuza kuti kuno n'kutauni, ndidula mwamsanga, ndipo masana ndipita kukakhala nawo. Ndinatseka zitseko ndi mazenera, n'kupachika bulangete pakhomo la bafa.

Gilayinda ikamadya poselini imakuwa, mawu ake olowa m'mano. Bulangete silinathandize kanthu. Fumbi loyera linadzaza m'bafa, ndipo ndinamanga nsalu pamphuno. Koma inkadula, mzere n'kutuluka wowongoka. Tailosi iliyonse inkatenga nthawi chifukwa ndinkaopa kuiswa. Ndikazimitsa kuti ndithire madzi, nyimbo zinkamveka. Ndikayatsa, zinkasowa. Nditamaliza yachisanu ndi chinayi ndinazimitsa, koma nyimbo sizinamveke. Wina ankagogoda pachitseko.

Anali bambo wachikulire wa jekete lakuda, mkulu wa mpingo wokhala moyang'anizana nane. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine ndili mbuu ngati wochokera kuchigayo. Anayamba wafunsa mmene ndadzukira. Kenako anati:

"Aneba, abusa akufuna kupemphera. Tipatseniko mphindi khumi zokha. Akamaliza mupitirize ntchito yanu."

Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Ndinapepesa, iwo n'kubwerera. Ndinakhala pakatoni yopanda kanthu n'kumamvetsera pemphero lonse, ulaliki, ndi nyimbo yotulutsira bokosi. Ndinaganiza zosamba n'kuwatsatira. Kenako ndinayang'ana matailosi asanu otsalawo. Lole ya maliro itanyamuka, msewu uli zii, ndinayatsanso makina. Kumanda sindinapite. Palibe tailosi imene inasweka.

Amalume anafika Lamlungu dzuwa litapendeka, atanyamula kachikwama ndi ambulera. Sindinakawachingamire chifukwa sindinkadziwa minibasi imene akwere, choncho anachita kufunsira njira. Ndinawaphikira tiyi, n'kuwaonetsa zipinda. Pakhomo la bafa anasuzumira, simenti ya m'mphepete ikadali yaiwisi, ndipo anati ntchito ndi yaukhondo. Titakhala pakhonde anandiuza kuti nyumbayo sanavutike kuipeza. Atangotchula bambo wokhala yekha wogwira ntchito ku Kanengo, amayi amene anawapeza pampopi anafunsa ngati akunena wa makina adzulo uja. Anawafotokozera zonse asanawalozere njira.

Kenako amalumewo anaika chipewa pabondo, n'kundifunsa kuti:

"Akamwini, nyumba ndaiona. Koma mwana wathu akadwala inu muli kuntchito, akagogoda pati? Pakhomo pano pakagwa zovuta, adzabwere kudzakhala pansi ndani?"

Iwo sanakweze mawu. Anati akanena kumudzi kuti nyumba yatha koma malo sanakonzeke, ndipo adzabweranso chaka chamawa anthu akakolola. Ndinafuna kuwauza za mmisiri uja ndi za tsiku limodzi limene anandipatsa, koma ndinaona kuti iwo sakufunsa zimenezo. M'mawa mwake ndinawaperekeza kudepoti, n'kuwapatsira nsalu ya mkazi wanga ndi nsapato za ana. Analandira, n'kuika m'kachikwama.

Madzulo ake nditaweruka ndinagula shuga ndi mtolo wa nkhuni, n'kupita papoloti yachitatu. Ndinagwada pakhonde kupereka chipepeso kwa mayi wamasiye. Pamenepo m'pamene ndinamva kuti womwalirayo anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo anasiya ana anayi. Mayiyo analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza osandiyang'ana. Wina anandisunthira mpando. Ndinakhala kumapeto kwa azibambo, iwo akukambirana m'Chitumbuka za ulendo wa abale obwerera ku Rumphi. Palibe amene anandithamangitsa, palibenso amene anandifunsa dzina.

Chaka chimenecho mkazi wanga sanabwere.