Mlandu wa Mchere ku Nathenje

Tinanyamuka pa Mitundu mame asanakamuke, m'mwezi wa Juni, zaka zija boma la Chitaganya litangoyamba kumene. Patsogolo panali achimwene anga a Sitefano, amene analinso nkhoswe yanga. Pakati amuna anga a Lameki, atavala jekete yawo ya ku Halale, manja ali m'thumba. Pambuyo ine, kamtanga ka mbatata yootcha kali pamutu, mtima ukuwira. Ana ndinawasiyira amayi. Tinkapita ku Nathenje, kwawo kwa a Lameki, kuti ine ndikayankhe mlandu wa chigololo chimene sindinachite.

Ndiyambe ndafotokoza chimene chinandiyendetsa m'chisanu chimenecho. A Lameki pochoka ku Halale sanabwere ndi njinga ngati anzawo, ayi. Anabwera ndi chiphunzitso. Akuti mlaliki wina kumeneko anawatsegula maso kuti munthu woyera sadya chilichonse chochokera ku chamoyo: nyama toto, nsomba toto, mazira, mkaka, ngakhale ngumbi ndi mbewa, zonse toto. Munthu amene kale ankalirira nkhuku ngati mwana, amene ndiwo zotendera ankati n'za amayi ndipo sankazikhudza n'komwe! Ine ndinati chabwino, mimba ndi yawo. Koma poopa kuti anthu azinena kuti Nambewe akuwondetsa mwamuna, ndinagwira musi. Tsiku ndi tsiku kusinja nsinjiro: nkhwani wotendera, chisoso chotendera, futali, chiponde. Manja anga anachita matuza.

Posakhalitsa lilime lawo linayamba kuvuta. Akangodya, kuyabwa, kenaka kufiira, kutupa, milomo n'kukhala ngati yalumidwa ndi mavu. Tikulingalira zopita kuchipatala ku Likuni, anatulukira alamu anga a Nankhoma, mlongo wawo wa ku Nathenje. Anangosuzumira m'kamwamo, osandifunsa kanthu, n'kutenga mtsuko wanga, ulendo kuchitsime. Kumeneko, pamaso pa amayi a m'mudzi mwanga, anati, "Mlongo wanga watsemphedwa. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo, mwini nyumba amatupa. Ndani sadziwa zimenezi?"

Ndi mtsuko wanga! Pachitsime cha kwathu! Ndinapsa mtima moti kuyambira tsiku limenelo sindinakhudzenso mchere, ndipo musi nawo ndinauponya kuseri kwa nkhokwe. Ndisinjirenji munthu amene mlongo wake akundinyoza iye ali duu? Ndinkangowiritsa masamba ndi nyemba m'madzi n'kuwaikira. Ndiye taonani tsoka langa: lilime lija linapola. Mudzi wonse unati, "Mwaona! Wasiya kuthira mchere, mwamuna wachira." Uthenga unabwera kuchokera kwa atsibweni a amuna anga, a Tembenu, woti ndipite ndikatchule dzina la mwamuna amene akuti ndinayenda naye, apo ayi ukwati uthe.

Tinadzera njira ya m'minda, chimanga chili m'mikukwe, fungo la fodya wa chikopa likutuluka m'zigafa. Phiri la Bunda tinkaliona chapafupi koma osalifika. Dzuwa litayamba kufunda tinapezana ndi ngolo yonyamula fodya kupita naye kumsika wa ku Nathenje. Mwini wake anali mkulu wina wa mano awiri okha kutsogolo, ndipo anatiuza kuti aliyense alipire tiki, makobiri atatu.

"Tiki? Ng'ombe zake zimenezi?" anatero achimwene. "Tikafika mawa."

"Iyi yakudayi ndi yolimba," mkuluyo anayankha. "Vuto ndi Kapitawoyu."

"Mwaitchuliranji Kapitawo?"

"Taionani nokha. Imangoyenda pambali kuyang'anira inzake ikukoka."

Ndinaseka ndisakufuna. Tinakwera n'kukhala pamwamba pa mitolo, ngolo ikutigwedeza m'maenje, fodya akutiyetsemulitsa. Mkuluyo anali wochezeka. Anadandaula za alangizi a malimidwe amene anam'gwetsera mizere yake ati ndi yokhota, kenaka anapisa m'thumba la chiguduli n'kutulutsa mtedza wokumba chaka chomwecho. Ine ndinakana. A Lameki, poti mtedza ulibe magazi, anatambasula manja onse awiri.

Sitinapite patali, ndinamva kaphokoso kamene ndinkakadziwa bwino: munthu akukanda lilime ndi mano akumtunda. Nditacheuka ndinaona a Lameki akusisita milomo ndi mkono wa jekete, nkhope atalozetsa kutchire. Ndinayang'ana makoko a mtedza amene anali pamiyendo pawo. Ndinakumbukira musi wanga uli gone kuseri kwa nkhokwe. Mayo ine!

Dzuwa lili paliwombo tinaima pamtsinje wina kuti ng'ombe zimwe. Achimwene ndi mwini ngolo anakhala pamwala n'kumasenda mbatata. A Lameki anatsikira kumunsi okha, n'kumachukucha m'kamwa. Ndinawatsatira.

"Bambo a Lusiya, tayasamulani."

"Ndi fumbi la fodyali," anatero, mawu akutuluka molemera.

"Fumbi? Mtedza mwadyawu ndauthira mchere ndine? Ndaukhudza? Chikukutupitsani ndi mtedza, bambo. Tsiku limene ndinasiya mchere ndi lomwe ndinasiya kusinja."

"Tsitsa mawu, Nambewe, anthu akumva."

"Amve! Pamene alongo anu ankandivula pachitsime munawauza kuti atsitse mawu? Tikafika mukanene zimene zachitika pangolo pano."

Anangoti, "Tikaona komweko," n'kubwerera kungolo. Ndinawauza achimwene. Iwo anakanda m'mutu n'kunena kuti chiyambire sanamvepo kuti mtedza ungadwalitse munthu, koma poti wanena ndine, aziyang'anitsitsa. Popeza a Lameki anangodya pang'ono, pofika ku Nathenje kutupa kuja kunali kutaphwa, umboni wanga wapita nako.

Tinafika pa Nathenje dzuwa litapendeka. Amene simunafikeko, musayembekezere zambiri. Pali msewu waukulu wopita ku Dedza, masitolo ochepa, telala wa Chiyawo akupalasa makina pakhonde, ndi fumbi limene basi imasiya ikadutsa, loti umalimva m'mano. Amayi anali ndandanda ndi malichero a zitumbuwa ndi nthochi. Mmodzi anandiyang'ana n'kufunsa, "Mayi, nkhope imeneyo n'kumaliro kapena kumlandu?"

"Kumlandu."

"Ndiye gulani nthochi. Pamlandu wanjala amavomera zimene sanachite."

Ndinagula za kobiri n'kudyera pomwepo chiimire.

Kumudzi kwa a Tembenu anatilandira mwa njira ziwiri. A Lameki anawalowetsa pakhonde, madzi osamba m'manja, mpando wandalema. Ine anandiyalira kamphasa kong'ambika pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi khitchini, kuti ndisayandikire mphika uliwonse. Ndinakhala pamenepo ngati wakhate, nkhuku zikundizungulira. A Tembenu anati alendo ayambe adya, mlandu suola.

Ndiye ndinamva kugunda kwa mtondo, ndi fungo la mtedza wokazinga. Ndinadzuka n'kukaima patali pang'ono ndi khitchini, manja kumbuyo, mwaulemu wonse umene ndinali nawo wotsala.

"Alamu, pepani. Alongo anuwo musawapatse zotendera. Mtedza ndi umene ukuwatupitsa, ndaona ndi maso anga panjira."

A Nankhoma anaimika musi n'kuomba m'manja. "Ha! Tamvani, anthuni! Tsopano wachigololo ndi mtedza! Mtedza umene tonse takulira? Inu mwamuondetsa mlongo wanga ndi masamba a m'madzi, lero mufuna mundiphunzitse kuphika pakhomo pa amayi anga? Kakhaleni uko."

Ndinatembenukira kukhonde. "Bambo a Lusiya, auzeni za pangolo."

A Lameki anayang'ana atsibweni awo, anayang'ana mlongo wawo, kenaka anayang'ana nsapato zawo. Anati, "Linali fumbi la fodya."

Mulungu ndi mboni, ndikanakhala ndi chikuni m'manja pa nthawi imeneyo, bwenzi mlandu wake uli wina. Achimwene anandigwira mkono n'kundibwezera pamphasa. Koma iwo sanakhale pansi. Anakaima pakhomo pa khitchini n'kunena mokweza kuti, monga nkhoswe, akufuna aone amene athire mchere. Anathira apongozi anga, nkhalamba yoti inasiya kalekale za m'nyumba, ndipo aliyense anaona. Ndiwo zake zinali nkhwani wotendera, nsinjiro zochita kuunjika, poti a Nankhoma ankafuna kunenepetsa mlongo wawo tsiku limodzi.

Ine mbale yanga sindinaivundukule. Maso anga anali pakhonde. A Lameki anadya mbamu yoyamba mwamantha, yachiwiri, kenaka poona kuti onse akuwayang'ana anayamba kukomba ngati munthu wofuna kupambana mlandu ndi m'kamwa. Asanasambe m'manja, kukanda kuja kunayamba. Anatsokomola. Anaimirira, mpando n'kugwa. Milomo inakula tikuona, maso anatupa, lilime silinkakwananso m'kamwa, mpweya ukulira pakhosi ngati wa nkhuku ya chitopa. Sanatupepo chotero kwathu.

A Nankhoma anayamba kukuwa, kuthamangira uku ndi uku. Ine mkwiyo ndinayamba ndauika pansi, poti munthuyo ndi bambo wa ana anga. Ndinawakankha alamuwo panjira, n'kuwakhazika a Lameki chotsamira pachifuwa panga, kumasula kolala, kuwanyowetsa kumaso ndi pakhosi ndi madzi a mumtsuko. Achimwene anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto yopita ku Lilongwe, koma sikunadutse ngakhale imodzi. Tinakhala choncho, ine ndikumva mtima wawo ukugunda pamkono wanga, mpaka dzuwa litatsala pang'ono kulowa mpweya unayamba kuyenda bwino.

Pamenepo mkwiyo wanga ndinautolanso. Ndinaimirira pakati pa bwalo.

"Alamu, tatiuzani. Mchere athira ndi amayi anu. Mphika ndi wanu, musi ndi wanu. Ndiye wayenda ndi mwamuna wa mwini ndani pakhomo pano? Inu kapena agogowa? Tchulani dzina, si paja mumafuna dzina?"

Apongozi anga anafunda nsalu kumutu. A Tembenu anakonza kukhosi nthawi yaitali, kenaka anati, "Aaa, apa taona tonse. Mayi alibe mlandu. Zinthu zina zimangodana ndi magazi a munthu. Tiyeni tingokhululukirana, nkhani yathera pompano."

"Yathera pompano? Kodi inayambira pano? Inayambira pachitsime cha ku Mitundu. Alamu anyamuke nafe mawa akaimalizire komweko."

A Nankhoma anati mwendo ukuwapweteka. A Tembenu anati akulu sabwerera m'mbuyo ndi nkhani yoweruza kale, ndipo a Lameki akafika ku Mitundu akafotokoza okha. Pepani sanatuluke pakamwa pa munthu aliyense.

M'mawa mwake tinabwerera wapansi, ngolo kunalibe. Chisanu chinali choluma kuposa dzulo lake. Titadutsa mtsinje uja ndinawafunsa a Lameki, amene tsopano ankatha kulankhula ngakhale mwachibwibwi, "Inuyo mumtima mwanu munakhulupirira kuti ndinayenda?"

Anayankha osandiyang'ana. "Ndinkafuna akuluakulu aone okha."

Ndinawauza achimwene kuti munthuyu abwerere kwawo, akadye za alongo ake. Achimwene anandikokera pambali. "Nambewe, ganiza bwino. Ukalowa m'mudzi wopanda mwamuna, anthu adzati mlandu wakugwera. Akufunika kuti akayankhule." Zinali zoona, ndipo zinandiwawa kuposa zonse. Ndinayenda naye mpaka ku Mitundu monga mmene umayendera ndi mbuzi yokalipira mlandu.

Tinafika madzulo, nthawi imene amayi amatunga madzi. Sindinalole kuti tipite kunyumba. Ndinawatsogoza a Lameki mpaka pachitsime, pamalo pomwe anaima mlongo wawo, n'kunena kuti, "Nawa. Auzeni."

Amayi anatula mitsuko. A Lameki anakonza jekete, n'kuyang'ana m'madzi.

"Unali mtedza," anatero.

Basi. Mawu awiri. Osati mkazi wanga ndi wosalakwa, osati mlongo wanga ananama. Unali mtedza. Achimwene anayesa kufotokoza zonse, za pangolo, za mchere wa apongozi, za chigamulo cha a Tembenu, koma mawu a nkhoswe ya mkazi ndani amawawerengera? Mayi wina wachikulire anaseka chamumtima n'kunena kuti, "Mtedza? Womwewu timapatsa anawu? Kaya. Bola mwagwirizana." Anasenza mitsuko yawo n'kumapita, akugundana ndi zigongono.

Ulendo umenewo unandiphunzitsa kuti bodza likanenedwa kwanu, kukapambana mlandu kwa eni n'kungotha mapazi. A Lameki ndinakhala nawo mpaka imfa yawo. Mtedza sunalowenso m'nyumba mwathu, ndipo lilime lawo silinatupenso. Koma mwana wathu Lusiya atakula n'kupeza mwamuna, azakhali a mnyamatayo anabwera kudzafufuza za mtundu wathu, ndipo anthu a m'mudzi mwanga momwe anawalozera khomo langa n'kuwauza kuti, "Ndi paja pa mayi wa mchere uja."