Tinenenji ndi dzanja la ba Fanwell

Masiku ano munthu wamkulu akagwa ndi sitiroko mu Kafue muno, abale amathamangira kwa Tinenenji asanachapire n'komwe mabulangete a kuchipatala. Ine ndimangoseka, chifukwa ndikukumbukira nthawi imene palibe ankamufuna.

Ndinamudziwira ku fakitale ya nsalu, ine ndili pa makina oluka, iye ali ku kiliniki ya kampani komwe ankatimanga mabandeji zala zikapanidwa. Boma latsopano litatsegula zipata za malonda akunja, salaula, zovala zovalidwa kale zija, inasefukira mumsika, nsalu zathu zinasowa wogula, ndipo anatipuluna tonse ngati nthambi za mango. Ine sindinachedwe, ndinagula belo la salaula yomweyo imene inandichotsa ntchito. Manyazi a chiyani, ana akufuna kudya? Tinenenji ndiye anachita zake: masisitere a ku parishi anamupezera malo ku Tanzania, anasiya ana kwa amayi ake ku Nangongwe, n'kupita kusukulu ali mayi wamkulu kale.

Atabwerako ndinamufunsa ngati tsopano ndi dokotala. Anati ayi, ntchito yake ndi kuphunzitsa akuluakulu amene matenda awafoola kuti azidzichitira okha zinthu, kudya, kusamba, kuvala.

"Iwe Tine," ndinatero, "ulendo wonse uja unkakaphunzira kuphunzitsa munthu wandevu kumanga batani?"

Pamsika tinaseka mpaka misozi. Kwathu kuno munthu akadwala timamuchitira zonse, nanga abale ndi a chiyani? Parishi inamupatsa njinga ndi kachipinda, koma womuitana panalibe. Masana ankabwera kudzakhala pa sitandi yanga, kundithandiza kupinda mabuluku.

Ndiye panagwa ba Fanwell, aneba anga. Anali mkulu wa mpingo ku Reformed, anapuma ntchito ya njanji, makolo awo anachokera ku Malawi kalekale. Sitiroko inawagwira mbali yamanja. Akazi awo anali atamwalira, choncho ankakhala ndi mwana wawo Lighton, amene atapulunidwa anayamba kugula nsomba ku Chanyanya, ndipo ankakhala komweko masiku angapo. Pakhomo pankatsala Misozi yekha, mkazi wa Lighton.

Mdala uja anasiya kudya. Misozi ankasiya mbale pa kampando, n'kukaitenga itazizira, yosakhudzidwa. Lighton akabwera n'kuwadyetsa, ankameza nthongo ziwiri zitatu n'kutseka pakamwa, ati iwo si khanda. Ine ndinayesako, anandithokoza mwaulemu n'kutembenukira kukhoma. Munthu wa thupi lake uja anatsala mafupa okhaokha, ndipo pampopi amayi anayamba kunong'ona kuti Misozi akuwapha ndi njala apongozi ake. Zinandinyansa kwambiri, chifukwa mtsikanayo ndinkamumva akulira kuseri kwa nyumba. Ndinakamukoka Tinenenji pamkono.

Anawayeza bwinobwino. Kumeza ankameza, zala zamanja zinkatsina pang'ono, koma mkono sunkakwera. Anagwada n'kunena kuti, "Atate, dzanja lamanzere lili bwino. Mudzidyera limenelo kaye."

Ba Fanwell anamuyang'ana. Lilime linali lolemera koma mawu anamveka: "Mwanawe, uli ndi makolo?"

Tinenenji anatuluka n'kuuza Misozi kuti ndiye azikhala pabedi n'kumawadyetsa ndi supuni. Misozi anagwira pakamwa. "Ba sisita, ndi apongozi anga! M'chipinda mwawo ndimangolowa n'kutuluka maso ali pansi. Ndiwaike supuni m'kamwa, ine?"

Panjira ndinamudzudzula Tinenenji. "Bwanji iwe, ntchito ya dzanja lamanzere waiwala? Mkulu wa mpingo adye ndi dzanja la kuchimbudzi?"

"Sindinaiwale," anatero mokwiya. "Ndimaganiza kuti njala iwagonjetsa. Munthu akufa uyu, mwambo tidzaona pambuyo."

Koma njala sinawagonjetse. Tinenenji ankabwera tsiku lililonse, kuwongola zala zija, kuwapatsa nyemba kuti atole, koma thupi linkapitabe. Ankangomwa tiyi, chifukwa kapu ankainyamula ndi manja onse awiri. Lighton anayamba kulankhula zoitana abale a ku Chipata adzawaone akadali moyo. Ine mtima unali utathawa, sindinama.

Lachisanu lina kunabwera ba Elias, mkulu mnzawo wa mpingo, kudzawazonda. Ine ndi Tinenenji tinali momwemo. Ba Elias atatambasula dzanja, ba Fanwell anagwira mkono wawo wamanja ndi dzanja lamanzere, n'kuukweza kupereka moni, monga timachitira tonse polemekeza munthu. Ine sindinaonepo kanthu, moni ndi moni. Koma Tinenenji anandifinya bondo mpaka ndinatsala pang'ono kukuwa pamene ba Elias ankayamba pemphero.

Mlendo atapita, Tinenenji anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi kachidutswa ka mbatata yophika. Anagwada, n'kupereka ndi manja awiri. "Landirani, atate."

Munthu woleredwa bwino sakana chopatsidwa chogwada. Ba Fanwell anakweza dzanja lamanja, lamanzere litagwirira pamkono, zala zinatsina mbatata ija.

"Musatsitse," anatero Tinenenji. "Pitirizani mpaka pakamwa. Dzanja lagwira chakudya ndi liti?"

"Lamanja."

"Eya. Linalo likungoperekeza."

Mbatata inagwera pabulangete. Yachiwiri inagunda pachibwano. Mdala anapuma mwamphamvu, maso atafiira ndi manyazi, ndipo Tinenenji anandithamangitsa. "Tuluka iwe, ukuyang'ana chiyani?" Iyenso anapita pawindo n'kupereka msana, ngati akuwerenga ma minibasi a ku Lusaka. Ine ndinakakhala ndi Misozi kukhitchini, makutu ali kukhoma.

Madzulo ake Tinenenji anamuonetsa Misozi zochita. Nshima ikhale yofewa, aiduledule ndi supuni tizidutswa ting'onoting'ono, nsomba aichotse minga, mbale aiike pa tebulo lalitali pafupi ndi chifuwa kuti mkono usayende ulendo wautali. Akatero atuluke n'kutseka chitseko, monga mwa masiku onse.

Mawa lake masana ndinasiya sitandi kwa mnzanga n'kupitako. Tinenenji anali atafika kale. Misozi analowetsa mbale, n'kutuluka. Tinakhala pakhonde atatu. M'kati munkamveka tebulo kugwedera, kenako zii, kenako kugwederanso. Misozi ankapotokola chitenje chake ngati akuchifinya madzi.

Kenako kunamveka mawu olemera aja. "Ba sisita!"

Tinenenji analowa mothamanga. Atatuluka anali atanyamula mbale, theka lake loyera, misozi ili m'maso koma pakamwa akuseka. Anaima patsogolo pa Misozi.

"Apongozi anu andituma," anatero. "Ati ndiwo n'zabwino, koma mchere wachepa. Ndiponso ati nshima muonjezere."

Mayo ine! Misozi anakhala pansi pa simenti n'kulira mokweza, ine ndinayamba nthungululu mpaka aneba anatuluka kuganiza kuti kwagwa zina. Mtsikanayo anadzuka, anapukuta kumaso ndi chitenje, n'kuthamangira kukhitchini kukakoleza mbaula kachiwiri.