Kaseti ya a Likoswe

Ndikulemba izi chifukwa munthu amene ndinamulakwira sindinamupepese. Dzulo mdzukulu wanga anapeza pa foni nyimbo za ng'oma ndi besi zokha, zophunzirira gitala, ndipo ndinakumbukira a Likoswe, tenanti wa bambo anga ku Santhe.

A Likoswe anali ndi kaseti imodzi yokha ya mtundu umenewu, imene anzawo oimba nawo kwawo ku Phalombe anawajambulira. Lamulungu masana ankabwereka wailesi yathu n'kukhala m'chigafa monunkhira fodya, gitala yawo ikulira pamwamba pa ng'omazo. Ine ndinkayesa kuti kasetiyo sinamalizidwe, poti munalibe woimba. Tsiku lina itatsalira m'wailesi, ndinajambuliramo nyimbo za Sande sukulu mbali zonse ziwiri kuti ndiwathandize, osadziwa kuti ndikufufuta anzawo aja.

A Likoswe atayatsa wailesi, gitala ili pamwendo, munatuluka mawu anga okha. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mumaimba bwino, adona aang'ono," anatero, ine n'kunyadira.

Analipo ndi awa: mayi anga, amene anaseka, akazi awo a Likoswe, amene anayang'ana pansi, ndi bambo anga, eni munda, amene tenanti sakanatha kudandaula pamaso pawo.